Chimfine Chosatha ndi Umboni wa M'magazi

Makolo ambiri amamdziwa mwana amene amadzuka m'mawa uliwonse akuyetsemula, mphuno zitatseka, maso akuyabwa, koma thupi losatentha. Ife aphunzitsi timamdziwanso, pakuti ndiye amaodzera m'kalasi chifukwa chosagona bwino usiku. Kawirikawiri gwero la vutoli ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba, timene timabisala m'matiresi ndi m'zofunda, nkumadya timamba ta khungu lathu. Sitiluma ayi; chovuta ndi ndowe zake munthu akazipumira. Anatulukira zimenezi ndi Reindert Voorhorst ndi anzake ku Leiden, m'dziko la Holland, mu 1964.

Thupi la mwana wotere limapanga asilikali otchedwa IgE, amene amayesa ndowezo mdani woopsa. Tsono pali chithandizo chozoloweretsa thupi pang'onopang'ono, chimene Leonard Noon anayamba ku London mu 1911 ndi mungu wa udzu. Wodwala amalandira kachigawo ka tizilomboto mwa jekeseni, kapena mwa piritsi loika kunsi kwa lilime tsiku ndi tsiku, kwa zaka zitatu zathunthu.

Nanga m'zaka zonsezo tingadziwe bwanji kuti zikuthandiza? Akatswiri amafunsa magazi. M'miyezi yoyamba IgE imayamba yakwera, chinthu chimene chingadetse nkhawa kholo losauzidwa, ndipo imatsika pambuyo pake mochedwa. Pamenepo asilikali ena, IgG4, amachuluka kwambiri; ntchito yawo ndiyo kugwira mdaniyo asanafike kwa IgE. Maselo enanso amatulutsa IL-10, imene imaziziritsa mkwiyo wa thupi.

Koma mboni zimenezi zili ndi malire. IgG4 imakwera ngakhale mwa ena amene mphuno zawo sizinasinthe konse. Imangotsimikiza kuti thupi lamva mankhwalawo, monga kaundula amasonyeza kuti mwana anabwera kusukulu, osati kuti anaphunzira. Kufikira lero madokotala sanagwirizane pa kuyeza magazi kumodzi kolosera amene adzapeza bwino.

Chifukwa chake, inu makolo, dokotala adzafunsa inuyo: kodi mwana akugona? Wajomba masiku angati? Mankhwala a mphuno achepa? Lembani zimenezi m'kabuku, pakuti chaka chikatha popanda kusintha, dokotala amaganizanso ngati nkoyenera kupitiriza. Jekeseni yake njobayira kuchipatala kokha, ndipo wodwala adikire mphindi 30 asanachoke. Mwana wa mphumu yosakhazikika asayambe kufikira mphumuyo itagonja.