Lilongwe, Mzinda Umene Unakula Kuposa Mapu Ake

Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri a Dzalanyama, ndipo ndiwo unapatsa mzindawu dzina. Atsamunda atafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anamanga boma lawo pakati pa midzi ya Achewa, m'dera la mfumu Njewa. Chimene chinakuza malowa ndi fodya. M'zaka za m'ma 1920 alimi a m'chigawo chapakati anayamba kumulima kwambiri, amwenye nawo anatsegula masitolo tsidya la mtsinje. Mu 1947 Lilongwe inakhala tauni.

Koma pofika 1966 munali anthu osakwana 20,000.

Zinthu zinasintha Dr. Hastings Kamuzu Banda atanenetsa kuti likulu lichoke ku Zomba lipite ku Lilongwe, chitukuko chisamangokhala kummwera kokha. Britain inakana kupereka ndalama zomangira likulu latsopanolo. Dziko la South Africa, limene maiko ambiri a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho, ndilo linabwereketsa marandi 8 miliyoni. Mu 1968 bungwe la Capital City Development Corporation linayamba ntchito, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Chipatala cha Kamuzu Central chinatsegulidwa mu 1977, njanji yochokera ku Salima inafika mu 1979.

Akatswiri olemba mapu anagawa mzinda m'madera a manambala, koma manambalawo sanatsatane monga momwe malo akhalira. N'chifukwa chake mlendo amadabwa kupeza Area 23 kummwera chakum'mawa, pamene Area 25 ili kutali kumpoto, kufupi ndi mafakitale a Kanengo. M'madera oterewa munthu ankapatsidwa puloti, nyumba n'kumanga yekha, nthawi zambiri ya zidina. Kawale ndi Biwi, kufupi ndi tauni yakale, zinadzaza msanga.

Mapuloti anachepa, koma anthu sanaleke kubwera. Ena anagula malo kwa mafumu ku Chinsapo, ena anakamanga ku Mgona kuti aziyenda wapansi popita kumaganyu ku Kanengo. Kumeneku nyumba zinatsogola, misewu ndi mipope zikutsatirabe pang'onopang'ono, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amayi amalawirirabe ndi zigubu pamzere wa madzi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzindawu munali anthu 989,318, kuposa a ku Blantyre.