Nyumba Ili Kwina, Malipiro Ali Kwina: Ndalama Zisungidwe Kuti?

Munthu wogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Leeds, amene mtima wake uli pa puloti ya ku Mzuzu kapena ku Chipata, amalandira malipiro mu ndalama ya dziko lina, koma wogulitsa malo adzafuna ya kwawo. Kuchokera tsiku loyamba kusunga kufikira tsiku lolipira pamadutsa zaka zitatu, zisanu, mwina khumi, ndipo m'zaka zimenezo ndalama ziwirizi siziyendera limodzi. Abale otsala kumudzi, amene kawirikawiri ndiwo amatumidwa kukafunafuna malowo, ayenera kuimvetsa nkhaniyi monga mwini ndalama yemwe.

Akatswiri a zachuma amalangiza kuti munthu azisunga mu ndalama imene adzalipirire. Langizoli ndi labwino pamene ndalamayo ili yolimba. Mu Juni 2016, anthu a ku Britain atavota kuti atuluke mu European Union, paundi inagwa kwambiri usiku umodzi, ndipo amene ankasunga mapaundi kuti akagule nyumba ku Spain anadzuka mtengo utawakwerera pomwe wogulitsa sanasinthe kanthu. Amene anali atasunga kale mu yuro sanakhudzidwe.

Koma wogula nyumba ku Malawi akatsata langizoli mwachimbulimbuli adzalira. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali ndi K11.8 miliyoni kubanki anagona ali ndi ndalama zokwana madola 10,000, n'kudzuka ali ndi zosafika madola 7,000. Malata, zitsulo ndi simenti zimakwera motsata dola, pakuti zambiri mwa izo, kapena zipangizo zozipangira, zimachokera kunja. Chiwongola dzanja cha akaunti ya kwacha chimaoneka chonona papepala, koma miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo pachaka, motero wosungayo ankabwerera m'mbuyo ngakhale nambala za m'buku lake zinkakula.

N'chifukwa chake ambiri amatsegula akaunti ya ndalama zakunja, imene mabanki a ku Malawi amaitcha FCDA. Mumaikamo madola, mapaundi, mayuro kapena marandi, ndipo zimakhala momwemo mpaka mwini wake atafuna kuzisintha. Chiwongola dzanja chake n'chochepa zedi, nthawi zina kulibiretu. Phindu lake ndi lakuti ndalamazo sizifota kwacha ikagwa.

Komabe dola ya m'buku la banki imamvera malamulo a dziko limene bankiyo ili. Anzathu a ku Zimbabwe anaziona. Mu Okutobala 2018 banki yaikulu ya dzikolo inalamula kuti maakaunti agawidwe pawiri, ndipo mu Febuluwale 2019 ndalama zambiri zimene anthu ankaziwerengera ngati madola a America zinasandutsidwa madola a RTGS, amene sanachedwe kutha mphamvu. Ku Malawi nako, mu 2021 Reserve Bank inalamula otumiza katundu kunja kuti azigulitsa 30 peresenti ya ndalama zakunja zimene apeza. Lamulolo silinali la osunga wamba, koma likusonyeza kuti ndalama zakunja zikasowa m'dziko, malamulo amasintha msanga. Musanatsegule akaunti, funsani ngati mungathe kutapa kapena kutumiza ndalamazo mu mtundu womwewo umene munaziikira, ndipo yankho lake akulembereni.

Kusunga kudziko limene mukugwira ntchito kuli ndi chitetezo chake. Kuyambira Epulo 2024, bungwe la CODI ku South Africa limabwezera wosunga aliyense mpaka R100,000 banki ikagwa, ndipo ku Britain kuli bungwe la FSCS logwira ntchito yomweyo. Randi nayo imagwedezeka, monga inachitira mu Disembala 2015 nduna ya zachuma Nhlanhla Nene atachotsedwa mwadzidzidzi, komabe sinagwepo ngati kwacha.

Kusintha ndalama kulikonse kumadya. Banki imagula pa mtengo wina ndi kugulitsa pa wina, ndiye amene asintha randi kupita ku dola, kenako dola kupita ku kwacha, wadulidwa kawiri. Ndi bwino kusintha kamodzi, pa nthawi yolipira, kapena pang'onopang'ono molingana ndi mmene ntchito yomanga ikuyendera: za maziko lero, za denga pamene khoma lafika. Osintha ndalama m'misewu amakopa ndi mtengo wokwera, koma malonda awo ndi oletsedwa, ndipo sapereka lisiti limene banki kapena loya adzafune pofunsa kumene ndalama zinachokera.

Chomaliza chimene matchona ambiri amachiiwala ndi unzika. Malamulo a malo amene anasinthidwa ku Malawi mu 2022 amaletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika. Amene anatenga unzika wa dziko lina ayambe walongosola mapepala ake a unzika wa mayiko awiri asanapereke ndalama iliyonse kwa wogulitsa.