Makina ozimitsa phokoso ndi phokoso linzake

Pa ukwati kapena pamsonkhano, wotsogolera mwambo akayandikira chimkuzamawu atagwira maikolofoni, pamamveka kulira kobaya m'makutu mpaka anthu kugwira mitu. Chimachitika n'chakuti mawu otuluka m'chimkuzamawu amalowanso mu maikolofoni, amakuzidwa, n'kutulukanso, kumangozungulira choncho. Kuzungulira komweku, akatswiri atakuweta, ndi komwe lero kukuchepetsa phokoso m'mahedifoni, m'galimoto ndi m'ndege.

Mawu ndi mafunde a mumpweya: mpweya umapanikizika n'kumasuka kambirimbiri pa sekondi imodzi. Chimkuzamawu chikamakoka mpweya pa nthawi yeniyeni imene phokoso likuukankha, ndi mphamvu yofanana, mafunde awiriwo amathetsana ndipo pamalopo pamati zii. Paul Lueg wa ku Germany analandira ku America chiphaso cha nzeru imeneyi mu 1936, koma zipangizo za nthawiyo zinali zisanafikepo.

Mu 1953, Harry Olson ndi Everett May a kampani ya RCA anaika maikolofoni pafupi kwambiri ndi chimkuzamawu. Maikolofoni imamva phokoso, makina amalitembenuza, chimkuzamawu n'kutulutsa lotsutsana nalo. Lotsalalo limamvedwanso n'kukonzedwanso. Makinawo alibe nazo ntchito zakuti phokoso lachokera kuti; amangomvetsera zotsatira za ntchito yawo n'kumadziwongolera okha. Sayansi ya kudziwongolera kotereku imatchedwa feedback control.

Mdani wake wamkulu ndi kuchedwa. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo nawo makina amatenga kanthawi kuti ayankhe. Yankho likachedwa ndi theka la funde, m'malo mozimitsa phokoso limaliwonjezera, kulira kuja n'kuyamba. Harry Nyquist mu 1932 anapereka masamu odziwira malire amene makina otere sayenera kudumpha. Mnzake wa ku Bell Labs, Hendrik Bode, anasonyeza mu 1945 kuti palibe chaulere: phokoso likapondedwa pa mafunde ena, limatumphuka pa mafunde ena. Luso la katswiri ndi kulikankhira kumene silivutitsa khutu.

M'chipinda zinthu zimavutirapo chifukwa mawu amagunda khoma n'kubwerera. Malo a bata amene maikolofoni imodzi imapanga amakula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kutalika kwa funde. Mdidi wa injini wogunda ka 100 pa sekondi uli ndi funde la mamita 3.4, choncho batalo limakwana masentimita 34, mutu wa munthu n'kulowamo. Mawu okwera ogunda ka 1,000 pa sekondi amangosiya bata la masentimita 3 kapena 4. N'chifukwa chake njirayi imagonjetsa kulindima kwa injini koma imalephera kulira kwa mwana.

Mahedifoni ndiwo anapindula msanga, popeza kachipinda ka pakati pa khutu ndi chimkuzamawu n'kakang'ono zedi. Mu December 1986, Dick Rutan ndi Jeana Yeager anavala mahedifoni oyeserera a kampani ya Bose pozungulira dziko lonse m'ndege ya Voyager kwa masiku 9 osatera. Pambuyo pake, kampani ya Nissan nayo inaika njira yozimitsa phokosoyi m'galimoto ya Bluebird ku Japan.

M'ndege za mapulopela akatswiri anawonjezera nzeru ina. Kompyuta imauzidwiratu liwiro la mapulopela, choncho imadziwa mdidi usanafike, pomwe mamaikolofoni ambiri obisika m'chipinda cha okwera amaiuza ngati ikulondola. Mu Dash 8 Q400, mtundu wa ndege umene Malawi Airlines yakhala ikuulutsa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, tizipangizo tomangidwa pa zitsulo za thupi la ndege timagwedezeka motsutsana ndi mapulopela, phokoso n'kuchepa lisanafike kwa okwera.

Koma palibe makina amene angathe kuzimitsa phokoso m'nyumba yonse ya chigayo kapena mopalira matabwa, momwe mawu okwera ndi otsika asakanikirana. Phokoso lopitirira madesibo 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limawononga makutu, ndipo akawonongeka sabwerera mwakale. Eni malo otere asadikire zida zodula: agulire antchito awo zotsekera m'makutu, ndipo aonetsetse kuti akuzivala.