Mwala wa ku Mzimba umawala ndi dzanja la wosema

Mwala wa mtengo wapatali ukangofukulidwa sunyezimira. Dayamondi wosasema amaoneka ngati chibenthu cha botolo chimene chakhalitsa pa fumbi. Nayenso aquamarine amene amakumbidwa m'boma la Mzimba ndi kutsidya kwa malire ku Lundazi amatuluka ali mbuu, wadothi, pena waming'alu. Kuthwanima kumene timaona pa mphete ya ukwati ndi ntchito ya wosema, ndipo phindu lalikulu limatsalira komwe mwalawo wasemedwera.

Nkhani yonse yagona pa kuwala. Kuwala kukalowa m'mwala kumakhota, n'kukagunda timbali ta kunsi. Timbalito tikapendekeka moyenera, kuwalako kumanjanja n'kubwerera m'maso mwa woyang'ana. Tikapendekeka molakwika, kumatulukira kunsi n'kutayika, mwala n'kuoneka wakufa.

Dayamondi amagwira kuwala kuposa miyala yambiri: malire ake oti kuwala kuyambe kubwerera ali pa madigiri pafupifupi 24, pomwe a aquamarine ali pafupifupi 39. Ndiye kuti wosema aquamarine alibe mpata wolakwitsa. Akafuna kusunga kulemera n'kusiya mwala wotambalala koma wosazama, pakati pake pamatseguka chimene amalonda amati zenera. Ukauika pa nyuzipepala, zilembo umaziwerenga bwinobwino. Wogula wodziwa akangoona zimenezo amatsitsa mtengo pomwepo.

Kasemedwe kotchuka kwambiri ka dayamondi ndi kozungulira, kotchedwa round brilliant, ka timbali 57 kapena 58. Masamu ake anawalongosola mu 1919 ndi Marcel Tolkowsky wa ku Antwerp, amene anapeza kuti timbali ta kunsi tizipendekeka madigiri pafupifupi 41. Palinso princess wa ngodya zinayi, marquise wosongoka uku ndi uku, ndi pear wa dontho la madzi. Asakunamizeni kuti zonsezi n'zokongoletsa chabe. Wosema amayamba waona mmene mwala wabadwira ndi pamene pali ming'alu, chifukwa posema dayamondi theka la mwala kapena kuposerapo limathera m'fumbi.

Cullinan, dayamondi amene anapezeka pafupi ndi Pretoria mu 1905, ankalemera makarati 3,106 (karati imodzi ndi magalamu 0.2). Mu 1908 a banja la Asscher ku Amsterdam anamugawa m'miyala ikuluikulu 9 ndi ing'onoing'ono 96. Waukulu pa yonseyo, wa makarati 530, anausema ngati dontho ndipo lero uli pa ndodo yachifumu ku London. Mwala unafukulidwa mu Africa, luso linali la ku Ulaya. Masiku ano lusolo lili ku Surat m'dziko la India, kumene kumasemedwa dayamondi wambiri wa padziko lonse.

Aquamarine wathu amabadwa wamtali, wa mbali zisanu ndi imodzi, n'chifukwa chake kawirikawiri amamusema motalika, timbali take tikutsika ngati masitepe. Kasemedwe kameneka, kotchedwa emerald cut, sikataya mwala wambiri ndipo kamaonetsa bwino mtundu wa buluu umene umabwera chifukwa cha chitsulo chochepa chimene chili m'mwalamo. Vuto lake n'lakuti sikabisa chilema. Kamng'alu kamodzi kamaonekera patali.

Apa ndi pamene wokumba wa ku Champhira kapena ku Jenda ayenera kutchera khutu. Aquamarine ndi wolimba ndithu, 7.5 mpaka 8 pa sikelo ya Mohs pomwe dayamondi ali pa 10, koma kulimba kumeneku n'kokana kukandika, osati kokana kusweka. Hamala yomenyedwa mopupuluma pafupi ndi mwala imalowetsa ming'alu m'kati, ndipo mwala umene ukanatulutsa diso limodzi lalikulu umangotulutsa tizidutswa. Mwala umodzi woyera wa makarati 10 sungafanane mtengo ndi tizidutswa khumi ta karati imodzi.

Mu 2025 boma linaletsa kutumiza kunja miyala yosakonza. Cholinga n'chomveka, koma lamulo palokha silisema mwala. Pakufunika makina, magetsi osathimathima ndi achinyamata ophunzitsidwa kuwerenga madigiri. Pamene tikudikira zimenezo, inu okumba, mukaona buluu akusuzumira m'thanthwe ikani hamala yaikulu pansi, mutenge tchizulo chaching'ono, ndipo musagulitse mwala musanautsuke ndi kuuyang'ana padzuwa.