Pip ndi mlandu wa ku Little Kilton

Kwa wachinyamata wa kusekondale amene maso ake sachoka pafoni, ine ndingamupatse buku la A Good Girl's Guide to Murder. Analemba ndi Holly Jackson wa ku Britain ndipo linatuluka mu 2019.

M'tauni ya Little Kilton, mtsikana Andie Bell anasowa zaka zisanu zapitazo. Anthu onse, ndi apolisi omwe, akuti anamupha ndi chibwenzi chake, Sal Singh, yemwe naye anapezeka atafa. Pip, mtsikana wa zaka 17, sakukhulupirira zimenezo. Akufukula mlanduwo ngati ntchito ya kusukulu, mothandizana ndi Ravi, mng'ono wake wa Sal.

Chimene chimandikoka n'chakuti wolembayu amakuyalira umboni poyera: zokambirana za Pip ndi mboni, mauthenga apafoni, mapu. Nawe umayamba kuloza chala. Amaonetsanso mmene tauni inasalira banja la Singh, tsankho la khungu likukolezera moto. Pofooka mpakuti anthu amamuululira Pip zinsinsi mosavuta kwambiri, ngati alibe choopa.

Muli nkhani za mankhwala ozunguza bongo ndi kugwiririra, choncho si la ana a kupulayimale. Makolo, yambani mwaliwerenga inuyo musanampatse mwana.