Gudumu Lalikulu Kapena Laling'ono M'minda ya Tiyi ku Thyolo?

Misewu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo inalambulidwa kuti muzidutsa mathirakitala onyamula masamba, koma masiku ano mumadutsanso njinga zam'mapiri. Ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, alendo amapalasa pakati pa mizere ya tiyi m'munsi mwa phiri la Thyolo. Dothi lake ndi katondo: dzuwa likawomba limauma gwa, chiperoni chikabwera limaterera ngati therere. Pa njira zoterezi, opalasa sagwirizana kuti gudumu labwino ndi liti.

Njinga zam'mapiri zimabwera ndi magudumu a mainchesi 26, 27.5 kapena 29. Kwa zaka zambiri 26 ndiye ankalamulira. Cha m'ma 2001 kampani ya Gary Fisher ku America inayamba kugulitsa njinga za 29, ndipo pa mpikisano wa Olympic wa 2012 ku London, Jaroslav Kulhavý anapambana atakwera 29, akumusiya pang'ono chabe Nino Schurter amene anali pa 27.5.

Gudumu la 29 limadumpha mosavuta timigula tokumbidwa ndi madzi a mvula, ndipo likathamanga pamtsetse silifulumira kutaya liwiro. Koma poyamba chitunda limafuna mphamvu zambiri m'miyendo, ndipo pa kona yothina m'mphepete mwa munda limakhota mochedwa. La 26 ndi lopepuka komanso lomvera, kungoti mwala uliwonse umamveka m'manja. Anthu aafupi ambiri amakonda 27.5 chifukwa felemu yake siwatalikira.

Gudumu palokha silimaliza nkhani. Handulo yotambalala imathandiza kugwira njinga potsetsereka, ngakhale imakola nthambi m'tinjira ta otchola tiyi. Tayala lopopedwa kwambiri limangodumphadumpha pa katondo wonyowa. Likachepetsedwa mpweya pang'ono limagwira nthaka, koma mpweya ukachepa mopitirira, limu imatsina chubu pamwala n'kuboola mabowo awiri oyandikana. Chishalo chimakwezedwa mpaka bondo lizingopindika pang'ono pedulo ikafika pansi.

Kuno kwathu palinso nkhani ya masipeyala. Njinga zambiri zakaunjika ndi za 26, choncho okonza njinga ku Bvumbwe, ku Luchenza kapena pa boma la Thyolo amazidziwa bwino, ndipo tayala lake silivuta kupeza. La 29 nthawi zambiri limafuna ulendo wa ku Blantyre.

Ena amaganiza kuti tayala la njinga zakale zakabaza, lolembedwa 28, lingalowe pa 29. Sizitheka. Limu ya njinga zakalezo ndi ya mamilimita 635, pamene ya 29 ndi 622 basi. N'chifukwa chake wopalasa 29 akamalowa m'minda ya tiyi amanyamula chubu chapadera, pampu ndi zigamba m'kachikwama kapansi pa chishalo.