Kufunsira thandizo la Chevening n'kwaulere

Achinyamata a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje amene ali ndi digiri yoyamba angathe kufunsira thandizo la maphunziro la Chevening, lomwe boma la Britain lakhala likupereka kuyambira 1983. Thandizoli limalipira maphunziro a masters a chaka chimodzi, ulendo komanso ndalama zodyera. Kufunsira kumachitika pa intaneti ndipo salipiritsa ngakhale tambala. Choncho aliyense woitanitsa ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ponena kuti athandiza, ndi wakuba.

Wofunsira ayenera kukhala atagwirapo ntchito zaka ziwiri, asankhe makosi atatu, ndipo avomere kudzabwerera kuno kumudzi akamaliza. Kalata yamphamvu imafotokoza ntchito imene mwini wake anaigwiradi, monga kutsogolera anthu a ku Makhanga pa nthawi ya madzi osefukira, osati malonjezo okha.